Dzino lomwe ndasungira Misozi

Mwachoma bwanji nonse a pabanja.

Misozi wangoimba kumene pa vidiyo kuchokera ku Ndola, kusukulu yake ya udokotala wa mano. Holide ino sabweranso, akuti ali ndi mayeso. Pakamwa ndayankha kuti zili bwino, koma mtima wandiwawa.

Ndiye wandionetsa chimene amaphunzirirapo. Abale, ndi chimutu cha pulasitiki, chagona chagada pa mpando, kukamwa yasa! Amaboola dzino lake n'kumata, akalakwitsa amachotsa n'kuikapo lina. Amachigwira chibwano mwaulemu ngati ndi munthu. Ine ndaseka, kenako nsanje yandigwira. Chidole chimenecho chimaona nkhope ya mwana wanga pafupi tsiku lililonse, ine mayi wake ndimaionera pa foni yosweka galasi.

Mukudziwa dzino langa lakumbuyo lija. Chiyambire kuwawa chaka chatha ndakana kukazula ku Katete, ndimangochukucha madzi amchere, kusungira iyeyo. Lero waona tsaya latupa. Akuti, "Amama, anthu enieni sitinayambe kuwagwira, zikalipo zaka. Mawa mukwere basi mukazule, musandidikire."

Ambuye andichitira zazikulu, mwana wa mlimi wa ku Sinda kuvala khoti loyera, sindidandaula ayi. Koma ndimafuna tsiku lina ndikhale pa mpando umenewo, manja ake andigwire kumaso.

Amalume ake, ndi inu alamu, ndiuzeni. Ndikazule kapena ndipirire? Likuwawa ndithu, koma likachoka ndidzapita ndi chiyani kwa mwana wanga?