Lamlungu Linali Lathu

Ine ndine wa Sabata, ndipo Yusufu, woyendetsa thirakitala yonyamula tiyi pa esiteti yathu, ndi Msilamu. Iye Lachisanu amapita ku mzikiti, ine Loweruka ku tchalitchi, ndiye Lamlungu linali lathu. Palibe ankadziwa.

Tsiku lina tili pamzere wa sikelo, madengu kumsana, azimayi ankakambirana sewero loseketsa la pa TV, la mtsikana wachikhristu wokondana ndi Msilamu.

"Zimakoma pa kanema pokha izi," anatero a Nachisale, a kwaya yathu. "Nanga iwe Esinati, ungalole?"

Ndikanatha kungokhala chete. Koma ndinaseka kuposa onse, mpaka kuwomba m'manja. "Ine? Bola ndife ndili mbeta!"

Sindinadziwe kuti thirakitala yaima kumbuyo kwanga. Yusufu analandira dengu langa, n'kukhuthula tiyi, n'kundibwezera ndi manja awiri. "Zikomo, achemwali," anatero mwaulemu, ngati sitidziwana. Lamlungu lotsatira sanabwere, mpaka lero.

Sewero lija latha posachedwa, ndipo awiriwo akwatirana. Tinkaonera kwa a Nachisale, ndipo ndi iwowo amene anayambitsa nthungululu. Ine ndinanamizira chimfine n'kutuluka panja.