Kaeliyo Kosachedwa Kukwiya

Kuntchito amamutcha Kamodzikamodzi, ndipo dzinalo linamutsata mpaka kunyumba. Tiyi akapanda kukoma, iye sathira shuga ndi mkaka nthawi imodzi. Amayamba ndi shuga, n'kulawa, kenako mkaka.

"Ukathira zonse pamodzi udziwa bwanji chimene chimasowa?" amatero.

"Bambo a mwana, imwani tiyiyo asanazizire," mkazi wake amayankha.

Ntchito yake ndi yojambula timaeliyo pakompyuta, tija timakhala m'kati mwa zipangizo zotumiza mauthenga popanda waya. Chitsulo chisanadulidwe kufakitale, kompyuta imayamba yawerengera ngati kaeliyoko kadzagwire bwino. Iye amasintha muyeso umodzi pang'ono chabe, n'kudikira kuti aone ngati mzere wa pasikirini wasuntha. Kudikirako sikocheza. Kompyutayo ili pakona pabalaza, imalira ngati chigayo chakutali, ndipo imapuma mpweya wotentha moti mkazi wake amayanika matewera pampando kumbuyo kwake.

Chaka chonse anali pa kaeliyo kamodzi, kakang'ono ngati chikhadabo, kokhala ndi kampata pakati. Kanaposa tonse timene anajambulapo. Abwana ake anakakonda, n'kulamula kuti kapite kufakitale sabata yomweyo.

Panatsala muyeso umodzi wosayesa, wa kampata kaja. Anakakulitsa pang'ono, kosafika ndi tsitsi la khanda lomwe. Mzere uja unagwa chagada. Anakachepetsa. Unagwanso.

Anaika dzanja patsaya.

"Mwatani kodi? Magetsi sanazimetu," anafunsa mkazi wake, mwana ali kumsana.

"Kaeliyoka kali ngati azakhali ako aja. Kungokakhudza pang'ono, kakwiya."

"Azakhali anga alowamo bwanji m'kompyuta?"

"Makina akufakitale sadula ndendende, mayi a mwana. Amaphonya ndi katsitsi. Timaeliyo tambiri tidzatuluka togontha."

Anaimbira abwana.

"Pakompyutapo kakugwira kapena ayi?" anafunsa abwanawo.

"Kakugwira, bwana, koma..."

"Ndiye ukuputiranji mavu pachisa?"

"Bwana, m'kompyuta mulibe mpeni wobuntha."

"Iwe, Lachisanu unditumizire kanthu. Kakakalephera, dzina ndi lako."

Anayesa kukanyengerera. Anasuntha kampata kaja, n'kudikira. Anakabwezera pamalo, n'kutalikitsa mbali imodzi, n'kudikiranso. Kusintha ziwiri pamodzi kuti afulumire, mtima unamukaniza. Matewera anauma, ena anayanikidwa, nawonso anauma. Tiyi ankazizira patebulo osalawidwa n'komwe. Kaeliyo kaja sikanasiye mkwiyo wake.

Lachisanu m'mawa anatsegula chojambula chakale chimene anzake ankachiseka kuti Bakha, chifukwa chinali chonenepa ndi chosaoneka bwino. Mphamvu zake zinali zongokwanira basi. Koma Bakha ukamukulitsa, ukamuchepetsa, mzere unkangogwedezeka pang'ono n'kukhala pomwepo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, anatsonya, n'kumutumiza.

Yankho la abwana linabwera la mawu amodzi: "Bakha?"

Foniyo anaivundikira patebulo.

"Ndiye chaka chonse chija?" anafunsa mkazi wake motsitsa mawu.

"Chapita."

Anazimitsa kompyuta. M'nyumba munangoti zii, ndipo mwana, amene anazolowera kugona ndi phokoso lija, anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

Mkazi wake anagwira thewera limodzi pampando paja, n'kulitembenuza.

"Bambo a mwana, tayatsaninso. Awa sanaume."