Kiyi ya Apongozi pa Seva

Nthawi imene intaneti inkayenda pa waya wa foni, ndinkagwira ntchito pa kabungwe ka aphunzitsi opuma ku Rumphi Boma. Tinali ndi webusaiti yoti ana awo okhala kunja aziwerengapo za kumudzi. Koma kuti musinthe ngakhale mzere umodzi, munkaika nkhaniyo mu disiketi, n'kukwera minibasi mpaka ku Mzuzu kumene kunali seva, kompyuta yaikulu yosunga webusaitiyo. Uthenga wa maliro unkafika pa webusaiti nkhata zapamanda zitauma kale.

Katswiri wosamalira sevayo ku Mzuzu atatopa nayo nkhope yanga, anatsegula mbali ziwiri pa sevayo: yolembera, yoti tizisintha masamba tili ku Rumphi konko, ndi yoyang'anira, yoti munthu mmodzi azisankha ololedwa kulemba. "Yachiwiriyi musunge nokha, achimwene," anandichenjeza.

Kunena n'kosavuta! Wapampando wa bungwelo anali hedimasitala wopuma wa ku Henga, mkulu wa mpingo, komanso bambo wa mtsikana amene ndinkafuna kukwatira. Ankhoswe anga anali atapitako, koma yankho linali zii. Mwana wa ku Ntcheu ine, ndikanayamba bwanji kunena kuti, "Adada, kiyi yaikulu ndi yanga, inu nayi yaing'ono"? Ndinangogonja n'kuwapatsa udindo woyang'anira. Anati "Yewo," n'kulemba pasiwedi ndi chala chimodzi, dzanja linalo litaphimba.

Kenaka madala aja anayamba kusesa mndandanda wa ololedwa kulemba. Mlembi anamuchotsa chifukwa cholemba ziganizo zazitali. Msungichuma anapita chifukwa chojomba ku mapemphero. Ine anandichotsa popanda mlandu: akuti mkamwini, ngakhale wamawa, salowa kuchipinda kwa apongozi. Ndisaname, ndinapsa mtima, koma ndikanakasuma kwa yani?

Ndiye kunagwa maliro a mphunzitsi mnzawo, ana ake onse ali kunja. Madala anakhala pa kompyuta kuti alembe okha uthengawo. Dinani apa, dinani apo, tsamba loyamba lonse linangoti mbee, nayo foni n'kuduka. Anandiitanitsa, ine n'kuima pakhomo.

"Lowani mukonze."

"Paja munandichotsa, adada."

Anapukuta magalasi amene anali oyera kale. Kenaka anadzuka pampando wawo, chinthu chimene sindinaonepo, n'kundinong'oneza pasiwedi ija. Linali dzina la mwana wawo yemwe uja.

Ndinalilemba, seva n'kutseguka. Ndinabwezeretsa tsambalo n'kuikapo uthenga wa maliro, iwo ataima kumbuyo kwanga, akundikonza ngati mwana wa sitandade fayifi.

Nditamaliza ndinafuna kuwabwezera mpando, koma anandigwira phewa n'kundikhazikanso pansi.

"Dzina limenelo mulisunge bwino chomene," anatero, maso ali pa kompyuta. "Ndipo ankhoswe anuwo muwauze abwere Loweruka."