Mlandu wa Duwa la pa Zenera

Ndikukumbukira chitini cha penti chimene chinkakhala pa zenera la kum'mawa kwathu ku Chamama. M'menemo munali chomera chokhacho pakhomo pathu chimene sichinkadyedwa, kusutidwa kapena kugulitsidwa. Masamba ake anali ofiira pakati, achikasu cham'mbali, obiriwira kumapeto, ndipo ukawagwira ankamveka ngati khutu la kamwana ka mbuzi. Amayi ankangoti "chitenje changa". Dzina loti koliyasi ndinakalimvera ku koleji ya zaulimi, komwe ndinakhalako chaka ndi theka, nthawi yokwanira kuphunzira mayina a zinthu zimene ndinawononga kale.

Kanthambi kake amayi anabwera nako kuchokera kwawo ku Kaluluma, atapita ku maliro a mng'ono wawo, amene anali mwini duwalo. Anakaviika m'botolo la madzi mpaka katatulutsa mizu yoyera ngati ulusi, n'kukabzala m'dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga. Chitinicho anachiboola pansi ndi msomali. Asanathirire ankayamba apisa chala m'dothi. Likakhala lonyowa, madziwo ankamwa nkhuku. Duwalo likafuna kuchita maluwa ankalitsina nsonga, monga timachitira ndi fodya, kuti lichulukitse masamba. Dzuwa la masana ankalithawitsa. Ife ana dzuwa lomwelo linkatiwamba m'munda popanda wotithawitsa, koma sindikudandaula.

Chaka china dzina la abambo silinatuluke pa makuponi a feteleza. Linatuluka la amalume awo, amene anamwalira ine ndili kumsana, ndipo tinamva kuti anakatengadi matumba awo onse awiri. Fodya wathu anakula wachikasu, wofika m'mawondo. Abambo ankazungulira pabwalo ngati munthu amene akufunafuna woti ayambane naye.

Ndiye kunabwera mlangizi ndi chithunzi cha tsamba la fodya lodwala mawangamawanga, nati matendawo amayenda ndi manja a anthu. Ine ndinali sitandade sikisi, nambala wani m'kalasi, ndipo nzeru zinkandiyabwa. Mlangizi atangokwera njinga yake, ndinatsegula pakamwa.

"Ababa, mawanga aja ali ngati a duwa la amayi."

Abambo anapita pa zenera, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Nabanda, ndiye kuti mumagwira ichi m'mawa, n'kupita kukagwira fodya wanga?"

"Linabadwa choncho, abambo ake Yona. Fodya wanuyo ikumupha ndi njala."

"Mwana wasukulu wanena kale. Yona, zula."

Ndinazula. Mizu inali itadzaza chitini chonse, ndipo inalira ngati nsalu yong'ambika. Ndinakaliwotchera kuseri kwa chigafa cha fodya, utsi wake ukununkha chiwisi, ine ndikumva ngati ndapulumutsa dziko. Amayi sanalire. Anatsuka chitinicho, n'kuikamo misomali yakale, n'kuchibwezera pa zenera pomwepo. Fodya uja, ngakhale tinali titamuphera mdani wake, anapitiriza kufa mwakhama.

Patapita zaka ndinalipeza duwa lomwelo mu ofesi ya mphunzitsi wathu ku koleji. Nditafunsa ngati likudwala, anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati mawangawo ndi chibadwa chake, ndipo fodya wachikasu munda wonse nthawi zambiri amakhala kuti wasowa chakudya. Yankho limeneli amayi analipereka ataima pakhomo, opanda satifiketi.

Ndinapempha kanthambi, n'kukakulunga m'pepala lonyowa mpaka kumudzi. Abambo anali atatisiya kale. Amayi anakagwira tsamba ndi zala ziwiri, mmene ankachitira kale, kenako n'kundibwezera.

"Kabzaleni kwanu, adokotala a masamba. Ine ndinasiya kusunga zinthu zozulika."

Lero chigafa chija chinagwa, m'munda timalima soya, ndipo maluwa aja amagulitsidwa m'mbali mwa msewu kwa aliyense wofuna. Ine ndili nawo zitini zisanu ndi ziwiri m'kachipinda kanga ka lendi pa boma. Ndimapisa chala ndisanathirire, ndimatsina nsonga, ndimathawitsa dzuwa. Kwa amayi, pa zenera la kum'mawa, chitini chija chikadali ndi misomali.