Timabotolo Tiwiri ta Magazi

Mdzukulu wanga, amene ndinamulera mayi ake atapita ku ukwati wina, ankathamanga. Osati kuthawa galu ayi, kungothamanga basi, kuchoka ku Vinthukutu mpaka ku Chilumba n'kubwerako chimanjamanja. Mphunzitsi wake, munthu wakumwera, anati mwanayu akapikisane ku Blantyre, ndipo ndizimudyetsa kwambiri. Ndinamuyang'ana mphunzitsiyo. Munthu wokonda mwana wa eni chonchi amafunapo chiyani?

Kudyetsa ndinadyetsa: mpunga wa ku Hara, nthochi zophikira nyama yonona, ndi chambiko, mkaka wathu wowawasa uja. M'mbale yomweyo ankadyanso amuna anga, agogo ake a mwanayo, amene ntchito yawo inali bawo pansi pa mango. Iwo ananenepa mosiririka, khosi mapindemapinde. Mwana anangokhala woonda ngati bango. Ndinati basi, ku Blantyre sapita, kuthamangaku kukumuyamwa.

Mphunzitsi anati tikayezetse magazi kuti ndikhulupirire kuti mwana ali bwino. Magazi! Masiku amenewo, a khadi la chipani m'thumba, tinkanong'onezana za kumene magazi a anthu amapita. Ndinati ndipita nawo, ndipo ayambe kuyezedwa akulu akunyumbawa, poti iwo anadya kale zambiri padziko.

"Mayi, mukundipereka nsembe kodi?" anatero amuna anga.

"Tambasulani mkono, bambo, mimba yonseyi magazi angakuthereni?"

Dokotala, mnyamata wa ku Dedza, anaimika timabotolo tiwiri patebulo nati tibwerenso masana. Ine sindinasunthe. Ndinakhala pomwepo, maso pa timabotolo, kuopa angasinthanitse. Magazi atadikha, ka mwana kanali ndi madzi achikasu pamwamba, oonekera bwino. Ka akuluwa kanali mbuu, ngati wina wathiramo mkaka.

"Amenewo ndi mafuta, agogo," anatero dokotala. "Mwanayu amawatentha pothamanga, ali bwino kuposa ine. Akuluwa akuwasunga m'mitsempha, tsiku lina adzatseka njira."

"Mwawathira ndinu," ndinatero. Koma ndinali ndisanaphethire n'komwe, ndipo ndinkadziwa pakamwa pamene mafuta a nyama ankathera.

Ku Blantyre mwana anapita, kamba ndinamumangira ndekha. Akuluwa ndinawabisira njinga, mpunga ankakautenga ku Hara wapansi, akung'ung'udza njira yonse.

Timabotolo tija sindinatisiye kuchipatala. Ndinatikulunga m'nsalu, n'kukataya m'chimbudzi chakwathu ndi manja angawa. Dokotalayo anali waulemu ndithu, koma kwawo ku Dedzako sindikudziwako.