Maliro a Achemwali Anga Sitinamete

Tsiku limenelo achemwali anga a Rozina ankandiluka tsitsi kuseri kwa nkhokwe. Unali m'mawa, dzuwa lisanayambe kuwawa. Amayi ankasenda chinangwa choti ayanike. Bambo anali atatisiya kale ndi chifuwa, ndiye pakhomo tinalipo ife akazi okhaokha. Mudzi wathu unali ku Mozambiki, kuseri kwa Nayuchi, ndipo ine ndinali ndisanathe msinkhu.

Ndikulembera inu atsikana amene munkaphunzira zokonza tsitsi ku Balaka limodzi ndi mwana wanga Felista. Mwakhala mukufunsana chifukwa chimene mayi wa imvi ngati ine ndinakhalira zaka zonsezi osalola sizasi kapena lezala kumutu kwanga. Inu munabadwa mfuti zitatonthola. Mverani.

Agalu anayamba kuuwa kumunsi kwa mudzi. Kenako kunalira mfuti. A Rozina anasiya mzere uli pakati, anazika chipeso m'tsitsi mwawo n'kundikoka dzanja. Tinathamangira m'munda wa nandolo. Kumeneko tinali ndi dzenje lobisalamo, lovindikira ndi mapesi. Tinagonamo chafufumimba.

Dzenjelo anatithandiza kukumba ndi Saulosi, mnyamata wa m'mudzi mwathu momwemo. Ankadya nafe m'mbale imodzi. Anafunsira a Rozina, iwo anamukana mwaulemu. Kenako anasowa, ndipo tinamva kuti walowa gulu la anthu a mfuti kutchire.

Tsiku limenelo Saulosi sanafunefune. Anabwera molunjika. Ndinayamba kuona mapazi ake, nsapato za matayala, chala chachikulu chopanda chikhadabo. Anakankha mapesi ndi phazi.

"Rozina, tuluka. Katundu akusowa wosenza."

Analankhula ngati munthu woitana mnzake kumunda. Ine ndi amayi sanatiyang'ane n'komwe.

Anawasenzetsa thumba la chimanga chathu chomwe. Tinawaona akutsetsereka kulowera kumtsinje, ali pamzere ndi akazi ena. Dzuwa litafika paliwombo tinamva mfuti kumeneko.

Tinawapeza pamchenga. Mayi wina amene anapulumuka pamzerepo anati a Rozina anaponya thumba pansi n'kuthamanga, ndipo wowombera anali Saulosi. Khasu lathu linali litapsa mpini pamodzi ndi nyumba, ndiye manda sitinakumbe. Tinawafunditsa chitenje cha amayi, pamwamba tinasanja nthambi. Amayi anayamba pemphero la Ambuye. Atafika pa mawu okhululukira anzathu, analekeza.

Tinayenda motsata njanji koma osaiponda, chifukwa anthu ankati pansi pake pali mabomba. Njanji kumanzere, ife m'maudzu. Tinkadya chinangwa chosaphika cha m'minda ya eni ake othawa. Madzi tinkamwa m'mapondero a ng'ombe, posefa ndi nsonga ya malaya.

Pamalo ena tinadutsa mayi atakhala pansi, akupesa mwana amene sankapumanso. Sitinaime.

Kudambo udzu unali wotalika kuposa amayi. Unkaticheka manja. Mutu wanga unali wolukidwa mbali imodzi, mbali ina tsitsi lili nyankhalala, ndipo linkakola njere za udzu. Sindinalole amayi kuti amasule.

Ku Nayuchi tinafika mapazi atatupa. Mayi wina wachisilamu, amene sitinkamvana naye chilankhulo bwinobwino, anatikhazika pakhonde pake n'kutipatsa phala la mgaiwa la mchere. Anandisambitsa mapazi ndi manja ake. Dzina lake sindinalifunse. Ndimamupempherera mpaka lero.

Kwathu, munthu akaikidwa m'manda, abale amameta. Tsitsi likagwa pansi ndiye kuti maliro atha, womwalirayo wapita, otsala abwerere kumunda. Amayi ena akwathu amene anafika patsogolo pathu atamva za a Rozina anabwera ndi lezala. Amayi anagwira dzanja la wometayo.

"Iyayi. Mwana wanga sanaikidwe, ndipo womupha akudya. Timeta tsiku lomwe tidzamve kuti Saulosi wafa."

Anandiyang'ana. Ndinavomera ndi mutu.

Tinakhala ku Mposa, pa malo amene banja lina la mumpingo linatipatsa. Nkhondo itatha anzathu ambiri anabwerera. Ife ayi. Amayi anati sangatunge madzi pa mtsinje uja. Anamwalira ku Mposa komweko osameta. Ngakhale pa maliro awo ine sindinamete, anthu anandinena kuti ndine wamwano. Tsitsi ndinkaliluka ndekha mizere ikuluikulu n'kumanga duku. M'mawa uliwonse pomanga dukulo ndinkatchula dzina la Saulosi pamaso pa Mulungu, kuti asaliiwale.

Ndinakwatiwa ku Balaka, kuseri kwa msika, m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi. Bambo a Felista anatisiya iye ali wamng'ono. Felista sukulu analekeza panjira. Anayamba kuyenda ndi dengu la mandasi kudepoti, ndipo ndinkaona mmene amuna ankamuyang'anira. Ndinagwada kwambiri nthawi imeneyo. Ndiye atabwera kudzandiuza kuti anthu akufuna kwabwino atsegula maphunziro a zasaluni a ana ochokera m'mabanja osauka, ndipo amutenga, ndinavina m'nyumba ndekha. Amene anaganiza zimenezi Mulungu awadalitse.

Inu mukudziwa mmene zinalili. Chidole chophunzirira chinali chimodzi, nonse munkachilimbirana mpaka chinachita dazi. Felista ankabwera zala zitatupa ndi kuluka meshi, akununkha mankhwala a tsitsi, koma akuseka. Ana onse a pamzere wathu anawaluka. Mutu wanga wokha sankaukhudza.

Kenako anafika mayeso odula. Amadamu anu anati aliyense abwere ndi munthu wa tsitsi lake lenileni, lalitali, losaika mankhwala, loti alichape, alidule n'kulikonza iwo akuona. Wopanda munthu, palibe setifiketi. Mnzake wa Felista amene analonjeza kubwera anasintha maganizo mayeso atayandikira. Ena onse anakana. Ndani angapereke tsitsi lake kwa wophunzira?

Felista nkhani ya Saulosi ankaidziwa. Anakhala pamphasa osadya.

"Amayi, sindikukupemphani. Ndikungonena kuti ndibwerera ku mandasi."

"Ukundipempha, iwe. Ndinakubala ndine."

Ndinapita kwa a Marieta, mayi wa kwathu amene amachita geni ya zitenje n'kumawoloka pa Nayuchi. Ndinawafunsa funso limene ndakhala ndikuwafunsa nthawi zonse, ngati Saulosi akadali moyo. Anati alipo, achemwali. Wanenepa. Ali ndi mbuzi ndi adzukulu, amakhala pakhonde la malata, anthu akudutsa amamupatsa moni.

Ndinalowa m'tchalichi masana, mulibe munthu. Ndinawauza Ambuye kuti munthu uyu anandilanda achemwali, anandilanda mudzi, amayi anapita mtima uli wowawa. Tsopano alandenso ntchito ya mwana wanga, ali khale pakhonde? Ameneyo ayi. Sindinanene kuti ndamukhululukira, chifukwa Mulungu sanamizidwa.

M'mawa wa mayeso munandiona ndikulowa. Ndinamasula duku. Felista anamasula mizere, anachapa, anapesa pang'onopang'ono. Ndinamuuza kuti dula, mwana wanga, usachite manyazi. Sizasi inali yozizira pakhosi. Amadamu anazungulira, anayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, anagwedeza mutu movomereza.

Mmodzi wa inu anabwera ndi tsache, ndinamuletsa. Munaganiza kuti ndikuopa afiti, monga amachitira amayi ambiri amene amatola tsitsi lawo pa saluni. Ndinatola lonse, ngakhale lotsalira m'chipeso, ndinalimanga m'duku muja.

Ndinawapatsa a Marieta kuti akamupatse Saulosi m'manja.

Atabwerako anandifotokozera. Saulosi anamasula mfundo akumwetulira, ankayesa ndi fodya. Ataona imvi anafunsa kuti n'za yani. Iwo anati n'za mng'ono wake wa Rozina, akuti maliro aja sanathe, tsitsi lokha ndi limene labwera. Anataya pansi. Kulitentha akuopa, kulikwirira akuopa. Akuti mbuzi zikutha n'kupita kwa asing'anga, ndipo pakhonde paja sakhalaponso.

M'dukumo mulibe mankhwala alionse. Ine ndine Mkhristu, zimenezo sindigwira. Koma sindinatume munthu kuti akamuuze.

Felista anakhoza. Pano ali ndi mpando ndi galasi m'saluni ya mayi wina pafupi ndi msika, ndipo Loweruka anthu amamudikira pabenchi. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza amadamu anu. Inunso limbikirani, ana anga, manja anuwo akudyetsani.

A Rozina alibe manda. Amayi agona ku Mposa ndi tsitsi lawo lonse. Mwana wanga ndamusunga. Ine ndimagona bwino masiku ano, mphepo ikundizizira m'khosi. Za tulo ta Saulosi ndimafunsa a Marieta akabwera.