Esha ndi Nsalu ya Mkulu Wake

Kodi inu owerenga, munayamba mwatumapo mwana kukagula chinthu chimene simukuchifuna, n'cholinga choti pobwera apeze mutapita? Musafulumire kukana. Ambirife tinachitapo, ndipo enafe anatichitira tili ana. Timati ndi chifundo, poti mwana akaona galimoto ikunyamuka amalira mpaka kudzigwetsa pansi. Koma misozi imene taithawayo imakathera kwa yani? Mbiri ya Esha wa ku Mandimba ikhoza kutiyankha.

Esha ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wachiwiri wa bambo Ussene, ogulitsa mchere ndi sopo pamsika, ndi mayi Farida. Chibadwire sanadziwepo kukhala yekha. Mkulu wake Zuwena, wa zaka khumi, ndiye ankamubereka ali khanda, ndiye ankamuluka tsitsi, ndiyenso ankamugwira dzanja popita kumadrasa. Ankagona pamphasa imodzi, kufunda nsalu imodzi ya kapulana ya maluwa achikasu, imene masana Zuwena ankamanga m'chiuno.

Sukulu zitatsekera mu Disembala, amalume awo a Hamisse, oyendetsa kamiyoni, lole yonyamula nyemba, anati banja lonse likwere likaone abale. Anayamba ndi ku Massangulo, kumene anawo anadya mango mpaka mano kuyayamira. Kenako anatembenuka kuloza ku Cuamba, atakhala pamwamba pa matumba, mphepo ikuwatseka pakamwa. Kumeneko Esha anaona sitima koyamba. Anayesa kuwerenga mabogi koma anasokonezeka, ndipo Zuwena anamuseka kuti mutu wake ndi wosungiramo mango basi.

Chimene anawo sankadziwa n'chakuti akuluakulu anali atapangana kale. Zuwena anayenera kutsala ku Cuamba kwa mayi ake aakulu, a Fatima, amene anali ndi khanda komanso kagolosale, ndipo analonjeza kumulipirira sukulu. Tinene chilungamo: panganolo silinali la nkhanza. Umu ndi mmene mabanja athu amanyamulirana katundu. Cholakwa chinachitika m'mawa wa tsiku lobwerera.

Mayi Farida ankadziwa kuti Zuwena ndi wochenjera, ndipo akamutuma iwo adzawayang'ana m'maso n'kuzindikira. Koma mawu a mng'ono wake sakanawakayikira. Choncho anaitana Esha n'kumuuza kuti akauze mkulu wake athamange kuseri kwa siteshoni akagule buledi wodya panjira, ndipo amutsimikizire kuti onse akumudikira. Esha ananyadira kutumidwa uthenga wa akuluakulu, ndipo anaufikitsa wonse osasiyako liwu.

Zuwena anamasula nsalu ija kuti isamukole pothamanga, n'kuiponya m'manja mwa Esha.

"Gwira iyi, undisungirenso malo pathumba lofewa lija. Ukandidyera mango anga, ndikumeta mpala."

Atangokhota pangodya, injini inalira.

Esha anakuwa kuti aiwala munthu. Anamenya denga la kamiyoni ndi zibakera mpaka bambo ake anamugwira manja, n'kumuuza kuti Zuwena akubwera pambuyo pa chapa, minibasi ya anthu. Bodza loyamba linabala lachiwiri. Ulendo wonse mwanayo anakhala chotembenukira kumbuyo, mwendo umodzi atautambasula pathumba lofewa kuti wina asakhalepo. Chapa iliyonse ikawapitirira, ankasuzumira m'mazenera. Mvula itayamba, mayi ake anamuuza kuti afunde nsaluyo, koma iye anaipinda n'kuibisa m'diresi, nanena kuti mwini wake aipeze youma.

Anafika ku Mandimba dzuwa litapendeka. Udzu unali utamera pabwalo, m'nyumba mukununkha chinyontho, nkhuku zitaikira pansi pa nkhokwe. Anansi anabwera kudzawalonjera, ndipo mayi wina, mosaganiza choipa, anafunsa Esha moseka ngati mkulu wake wamugulitsa ku Cuamba. Onse anaseka. Esha anayankha mwaulemu kuti akubwera pa chapa, ndipo anatuluka kukaima kumsewu. Anapitakonso m'mawa mwake, ndi tsiku linalo, nsalu ili m'khwapa, mango a Zuwena akuola m'kabeseni.

Pomalizira mayi Farida, ataona kuti mwana sakudya, anamukhazika pamwendo n'kumuuza zoona. Ankayembekezera kulira, koma Esha anangowayang'ana.

"Ndiye buledi uja anali wa ndani, amayi?"



Lachisanu, bambo Ussene atabwera ku mzikiti, anaimba foni ku Cuamba. Zuwena anayankhula ndi makolo ake mwaulemu wa mlendo: ali bwino, akudya, khanda likukula. Kenako anapempha yekha kuti ampatse mng'ono wake. Esha anaigwira foniyo ndi manja awiri.

"Esha, unkadziwa?"

"Sindinkadziwa."

"Unati akundidikira. Ndinathamanga mpaka ndinagwa. Ndinabwera ndi buledi wamatope, ndinapeza matayala okha atadinda pansi."

"Nsalu yako ndasunga. Sinanyowe."

Kumbali kunkamveka khanda likulira.

"Khala nayo," anatero Zuwena, ndipo anabweza foni kwa a Fatima.

Wina anganene kuti ana amaiwala msanga, ndipo akadzakumana pa Idi adzaseweranso. Mwina. Koma taganizirani zimene zinatayika. Makolo aja anali ndi ufulu wosiya mwana wawo kwa mbale. Ufulu umene analibe ndi wobwereka pakamwa pa mwana wina kuti anamizire. Akanamuuza zoona, Zuwena akanalira ola limodzi n'kutsala akudziwa kuti mng'ono wake analira naye. M'malo mwake watsala akukhulupirira kuti munthu amene ankafunda naye nsalu imodzi ndiye anamutchera msampha. Ndipo Esha alibe umboni wina woposa mawu ake, omwe ndi mawu omwewo amene ananamiza mkulu wake.

Lero Esha wayamba kalasi yoyamba. Amapita yekha, tsitsi lake amamuluka ndi mayi ake, ndipo limamasuka lisanathe sabata. Amatunga madzi, amasesa pabwalo, sakana ntchito. Chimene amakana ndi uthenga. Akamutuma kuti akauze mnansi chakutichakuti, amaima pakhomo n'kufunsa kuti, "N'zoona?" Akamukalipira, amapita, koma akafika amangoima osatsegula pakamwa. Anthu ayamba kunena kuti mwana wa Farida wasanduka wamwano. Nsalu ija ili kumutu kwa mphasa, yopindidwa bwino; safunda, ndipo salola kuti ichapidwe.

Tchuthi chikubwerachi ambiri mudzakweza ana anu kupita kwa abale, ndipo ena mudzabwerako ndi ana ochepa kuposa amene munapita nawo. Pempho ndi ili: mwana amene akutsalayo muuzeni kudakali nthawi, pamaso pa abale ake. Aloleni atsanzikane, alire, ndipo inu muime pomwepo mpaka atatha. Musatume mwana kukagula buledi amene simudzadya.